Tsiku Limene Atate Ako Anadula Mawaya a Wailesi

Khala bwino apo, buku uliike pa maondo, ndipo usamandidule ndi mafunso chifukwa ndikaduka ndimaiwala pamene ndinali. Nkhani iyi atate ako sadzakuuza. Ukawafunsa amangoseka n'kunena kuti ni vakale. Koma ine ndikufuna ilembedwe mmene inachitikira, chifukwa anthu a muno mu Chawama aithira mchere maningi, mpaka ena akumanena kuti ndinatsitsa injini ndekha. Injini sindinaikhudze ine. Anali mawaya a wailesi chabe.

Nthawi imeneyo iwe unali kukhala kwa azakhali ako ku Matero. Atate ako, mwana wanga wachitatu, anali atatha zaka ziwiri osagwira ntchito. Kumene anali kuyendetsa lole kunatsekedwa, ndipo anayenda Lusaka yense ndi mapepala m'manja mpaka nsapato zinatha kunsi. Pambuyo pake analeka n'kuyenda komwe. Mwamuna wa ana atatu kukhala pa benchi kuyambira m'mawa, kudziwa nkhuku zonse za mu yadi ndi eni ake. Amai ako ndiwo anali kutidyetsa ndi vitumbuwa vya pa msewu. Sanali kudandaula amai ako, koma m'nyumba munali zii, ndipo ine zii wotere ndimamudziwa kumene amathera.

Ku tchalitchi kwathu kuli mai wina wochokera ku Migodi, Mubemba, ali ndi shopu ya vitenje ndi mabulangeti ku Kamwala. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, ukudziwa, timanyozana ngakhale pa maliro popanda wokwiya. Iye amanditcha wodya mbewa, ine ndimamutcha wodya anyani, ndipo takhala tikutero zaka zambiri. Nditamva kuti wagula motoka yochokera ku Japani yoti iziyenda takisi, ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita ku shopu kwake. Ndinakhala pa belo la mabulangeti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, kumupempha. Poyamba anakana. Anati dalaivala woyamba anamuchotsa chifukwa anasintha batire osamuuza, ndipo watopa ndi amuna odziwa zonse. Ine ndinamuuza kuti mwana wanga samwa, sasuta, ndipo akalakwa abwere adzanditukwane ine pakhomo panga. Pamenepo anavomera. Lamulo anapereka limodzi lokha, ndipo analinena atate ako ali pomwepo:

"Motoka ni yanga. Iwe ni chiongolero na mabuleki chabe. Ukakhudza chinthu china osaniuza, makiyi uzasiya pa tebulo."

Pa nkhani ya motoka analibe chimbuya mai uja.

Motoka inali yabwino, yoyera, mipando yofewa ngati ya m'nyumba ya abusa. Vuto linali wailesi imene inabwera nayo. Ukangoliza injini, munali mkazi wolankhula Chijapani, kupereka moni kapena kutukwana, palibe anali kudziwa. Masiteshoni inali kugwira awiri chabe, onse achizungu. Ndipo motoka ikagwa m'dzenje, wailesi inali kuzima n'kuyambanso payokha, mkazi uja n'kupereka moni kachiwiri. Manje iwe ukudziwa misewu ya muno. Kuchoka pano kufika pa Kafue Rodi mkazi uja anali atalonjera kasanu. Sipika ya kutsogolo nayo inali kulira ngati ntchentche yatsekeredwa mu botolo. Anthu okwera anali kuseka, achinyamata anali kufunsa polowetsa fulashi ya nyimbo kapena foni, palibe, ndipo pa renki poima matakisi madalaivala anzawo anayamba kuwatcha atate ako mlamu wa Ajapani.

Atate ako anachita bwino poyamba. Anakamuuza mwini wake. Mai uja anagula wailesi yatsopano ndi masipika anayi, zonse m'makatoni, ndipo anati Lachiwiri motoka ipite kwa bambo wina wa mawaya a motoka m'tauni, wagwirizana naye kale. Iye mwini anali kunyamuka kupita ku Nakonde kukaoda katundu, kubwerera Lachitatu.

Lachiwiri m'mawa atate ako anapita. Anapeza motoka zisanu ndi imodzi zili pa mzere, bambo uja akuti mwina madzulo, mwina mawa. Atate ako anaona kuti tsiku lonse lipita osanyamula munthu. Anabwerera kunyumba, anaimika motoka pansi pa mtengo wa mango uja, n'kutsegula makatoni. Ine ndinali kusankha nyemba pakhonde. Ndinawafunsa ngati mai uja akudziwa. Anandiyankha kuti ni vinthu ving'ono, kuchotsa na kufaka chabe.

Wailesi yakale inatuluka bwinobwino. Koma pulagi ya motoka ndi ya wailesi yatsopano sizinagwirizane, ina yaikulu, ina yaing'ono. Tsono iwe ukudziwa mmene timachitira muno mu komboni. Pulagi ya ayironi kapena ya ketulo ikakana kulowa, timaidula, timasenda mawaya n'kuwalowetsa mu soketi ndi kamtengo ka machisi. Nyumba iliyonse mu yadi muno yatero. Atate ako anakula akuona zimenezo. Anatenga mpeni wanga wosendera mbatata, n'kudula pulagi ya motoka, mawaya onse pamodzi ngati akudula chingwe cha mbuzi. Kenako anayamba kulumikiza poyang'ana mtundu, wofiira ku wofiira, wachikasu ku wachikasu, kupota ndi zala n'kukulunga ndi pulasitiki ya buledi.

Atatembenuza kiyi ndinamva kuti tha, kenako fungo. Fungo limenelo ine ndimalidziwa ngakhale ndili m'tulo. Ndinasiya nyemba.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wa dalaivala, manja ali pamutu. Wailesi yatsopano sinayake. Nyali za pa dashibodi zafa, nyali za kumbuyo zafa, ndipo pa bowo lochokamo wailesi yakale panali mawaya khumi ndi awiri atatuluka ngati ndevu za chimanga, osadziwika mutu ndi mchira. Anthu a mu yadi anali atayamba kale kusonkhana. Bambo wa nyumba yoyandikana nafe, uja wodziwa zonse kuyambira mpira mpaka mankhwala a nkhuku, anabwera ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, akuti alikulunge pa fyuzi, zonse ziyaka. Atate ako anali atatambasula kale dzanja kuti alandire.

Ndinalanda pepala lija n'kuliika m'chitenje. Ndinati fyuzi yafa kuti motoka isapse, manje mukufuna kuipha kachiwiri kuti ipse motoka? Bambo uja anaseka, akuti ambuya bwererani ku nyemba. Atate ako nawo, ndi manyazi awo, anati:

"Amai, ivi si va imwe. Nisiyeni niganize."

Apa ulembe bwino, chifukwa ndi pamene anthu sadziwa. Malemu agogo ako aamuna anali okonza mawailesi. Anali ndi tebulo pakhonde la shopu ya munthu pafupi ndi msika, ndipo a matakisi a nthawi imeneyo anali kubweretsa motoka zawo kuti awaikire mawailesi a makaseti. Ine kusukulu sindinapiteko, mpaka lero ndimasaina ndi chala. Koma zaka zonse zija ndine ndinali kupemerera mbaula yotenthetsera chitsulo chosungunulira mtovu. Ndine ndinali kugwira tochi, kugwira waya, kukhala kumpando wakumbuyo n'kumanena kuti yalira kuno, siinalire uku. Matenda a shuga atawaononga maso, zaka zinayi zomaliza, manja anali anga, iwo anali kungonena. Makasitomala anali kuganiza kuti mkazi akuthandiza chabe. Atate ako anali mwana, akuthamangitsa mpira wa mapulasitiki, sanaone kanthu. Agogo ako atamwalira abale awo anatenga tebulo, mita ndi mawailesi onse. Chitsulo chija anachisiya chifukwa chinali chakuda, anachiyesa chosonkhezera moto. Ndinachisunga pansi pa sutikesi.

Sindinakangane nawo atate ako. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa chitsulo, batire la tochi ndi ulusi wanga wosokera. Ndinabwera n'kutsegula chitseko cha mbali inayo, n'kukhala. Ndinawafunsa funso limodzi, ngati ali ndi njira ina mai uja asanafike mawa. Anati alibe. Ndiye ndinati, pita ku msika ukagule mafyuzi ofanana ndi amene apsa, mtovu wa waya ndi tepi yakuda, ndipo upite wapansi, motoka isasunthe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita.

Atabwera ndinali nditamasula kale zonse zimene anapota, mawaya nditawatalikitsa ngati zala kuti asakhudzane. Tinasintha mafyuzi. Mwayi wake wailesi yatsopano inali ndi kafyuzi kake kumbuyo, ndi kamene kanafa, mkati simunapse. Nyali za kumbuyo zinayakanso, ndipo ndinaona mapewa a atate ako atsika pang'ono.

Ndinawauza kuti aiwale mitundu. Agogo ako anali kunena kuti amene anapanga motoka ndi amene anapanga wailesi sanadyere mbale imodzi, aliyense anapaka mawaya mmene anafunira. Waya umaufunsa wokha. Tinachotsa babu la nyali ya kudenga la motoka, ndinalimangira timawaya tiwiri. Kamodzi ndinakagwiritsa pa bawuti la chitsulo cha motoka, ndipo ndi kanzake ndinayamba kukhudza mawaya aja mmodzimmodzi, kiyi ali m'thumba mwa atate ako. Wachisanu, babu linayaka. Ndinati uyu ndiye wosagona, amakhala ndi moto usana ndi usiku kuti wailesi isaiwale masiteshoni ake. Ndinamumanga ulusi wofiira. Ndinati manje lowetsa kiyi, tembenuza kamodzi. Tinayendanso onse, wina anayaka. Uyu ndiye wodzuka ndi kiyi, ulusi woyera. Ndinati yatsa nyali zakutsogolo. Wina anayaka, ndipo ameneyo ndiye atate ako anamulumikiza polakwika n'kupsereza mafyuzi. Ulusi wakuda.

Bambo wodziwa zonse uja anali ataleka kuseka. Anali atatsamira pa windo, akuuza amai a mu yadi kuti nayenso ndi mmene akanachitira.

Otsala anali a masipika, ndipo apa ndi pamene ndimakonda. Tinachotsa waya wa batire la motoka kuti pasakhale moto wina uliwonse. Ndinauza anthu onse kuti akhale chete, ana awathamangitse, ndipo wina azimitse nyimbo zake. Tinatseka mawindo. Unali mwezi wotentha uja mvula isanagwe, thukuta linali kutsika mpaka m'makutu. Ndinatenga batire la tochi, waya mmodzi kumutu kwake, wina kumatako. Ukapeza awiri a sipika imodzi, sipikayo imayankha, imati thu, pang'ono chabe ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Ndinayesa awiri, zii. Ena awiri, zii. Atate ako anayamba kupuma mokweza. Kenako chitseko cha kumanja kwawo chinati thu.

Anatembenuka n'kuyang'ana chitseko chija ngati chalankhula. Ndinabwerezanso kuti amve bwino. Thu. Anaseka kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo anati ndiwapatse ayese okha. Ndinawapatsa. Anapeza ya kumbuyo kumanja, ine ndinapeza ya kutsogolo kumanzere. Ya kumbuyo kumanzere sinayankhe ngakhale pang'ono. Titatsegula chitseko chimenecho tinapeza sipika yake itavunda, madzi anali kulowa pa windo, pepala lake lili ngati tsamba la kabichi la sabata yatha. Sinali kulira kuyambira kale, palibe anadziwa.

Masipika atsopano atate ako ndiwo anamanga, ntchito ya masikuluwu amaidziwa. Anafuna kutseka zitseko msanga koma ndinawaletsa. Sipika ili ngati chifuwa, imapuma, kutuluka ndi kulowa. Ina ikamatuluka inzake ikulowa, zimalandana mawu, nyimbo imamveka yopyapyala ngati ng'oma yonyowa. Anthu ambiri amaika masipika odula n'kumadabwa kuti mawu akulu ali kuti, vuto ndi limeneli. Tsono ndinawauza kuti aike chala pa sipika, mopepuka, ine ndikugunda ndi batire kutsogolo. Ndikagunda ndimafunsa, yatuluka kapena yalowa? Akati yalowa ndimatembenuza mawaya. Akati yatuluka, waya amene ali kumutu kwa batire ndimamumanga mfundo ziwiri. Tinatero zitseko zonse zinayi. Dzuwa linali litapendeka, ndipo msana wanga unali utayamba kulankhula, ndiye ndinati zotsala mawa.

Lachitatu m'mawa malaiti kunalibe, monga mwa masiku onse. Ine sizinandikhudze. Ndinakoleza mbaula kutali, pafupi ndi pompi, chifukwa malasha ndi petulo si abale. Chitsulo ndinachinola pa mwala mpaka mutu wake wa kopa unawala, n'kuchiika pamoto. Manje panafunika sukulu ya atate ako. M'katoni munali pepala lonena kuti waya uti wa wailesi ndi wa chiyani, ndipo ine pepala ndimangoliona ngati mapazi a nkhuku. Iwo anali kuwerenga, uyu ni wa kutsogolo kumanja, uyu ni wa kiyi, ine n'kumapereka mnzake wa ku motoka poyang'ana ulusi wanga. Waya wakuda wa wailesi tinaumanga pa bawuti, titapala utoto mpaka chitsulo chinaoneka.

Chitsulo cha pa mbaula sichidikira munthu. Chikachoka pamoto umalumikiza awiri, mwina atatu, chazizira. Atate ako anali kuyenda nacho kuchoka pa pompi kufika pa motoka atachigwira ndi nsanza, ine ndili chire ndi mtovu. Manja anga amanjenjemera masiku ano, sindikubisa. Koma ndikatsamiritsa chigongono pa giya, dzanja limakhazikika. Mtovu ukamayenda bwino umalowa wokha m'kati mwa waya n'kuwala ngati ndalama yatsopano. Ukakhala ngati phala, ndiye kuti chitsulo chazizira, umayambanso. Atatu omaliza ndinawapatsa atate ako. Woyamba unali woipa, ndinawauza kuti amasule. Anamasula. Wachiwiri unali bwino.

Titabwezera waya wa batire n'kutembenuza kiyi, wailesi inayaka, yabuluu. Atate ako analowetsa fulashi ya nyimbo za kwaya. Mdzukulu wanga, mawu aja. Anatuluka zitseko zonse zinayi nthawi imodzi, akulu pansi, ang'ono pamwamba, mpando ukunjenjemera kumsana. Amai ako anasiya mafuta pamoto n'kubwera ndi chipande m'manja. Koma titayesa masiteshoni kunali mkokomo chabe ngati mvula pa malata. Atate ako nkhope inagwanso. Panali waya mmodzi wa motoka amene sanayatse babu ndipo sanalize sipika, tinamusiya atakulungidwa. Ndinakhala kaye n'kumaganiza. Ndinakumbuka motoka ina imene inawavutitsa agogo ako masiku awiri, n'kupezeka kuti eriyo yake, kachitsulo kokoka masiteshoni, imafuna moto wakewake. Ndinafunsa ngati pa pepala pali waya wa eriyo. Analipo, wabuluu, nawonso unali wopanda mnzake. Titawakwatitsa, munthu anayamba kuwerenga nkhani m'Chinyanja, momveka ngati wakhala kumbuyo.

Atatseka dashibodi panalibe chooneka. Pamenepo atate ako anayamba nzeru zina, akuti mai uja sazaziba, azaganiza kuti ni ba m'tauni banachita. Ine ndinawauza kuti pakhomo panga bodza silidzagona, akafika amuuze okha. Tikadali kukangana choncho, tinaona mai uja akulowa pa geti. Anali atatsika basi m'mawa, anaimbira bambo wa m'tauni kufunsa za ntchito, n'kumva kuti motoka inafika n'kubwerera.

Sanapereke moni. Anaima pakati pa yadi, chikwama chili m'khwapa, n'kufunsa ngati wailesi yaikidwa, ndipo waika ndani. Atate ako anavula chipewa n'kunena zonse, za mzere, za mpeni, za fungo. Sanabise kanthu, ndipo pa ichi ndimawanyadira kuposa pa mtovu. Mai uja anatambasula dzanja. Makiyi anaperekedwa. Amai ako anabwerera ku mafuta awo mwakachetechete, koma ndinaona kuti akupukuta maso ndi chitenje.

Ine ndinati, mbuya wanga, ndinakulonjeza kuti akalakwa udzatukwane ine, ndili pano, yamba. Walakwa, sindikumuikira kumbuyo. Koma usanamuchotse, tiye nayo motoka kwa munthu wako wa m'tauni, atsegule aone. Akapeza cholakwika ngakhale chimodzi, ine ndidzanyamula mabelo ako ku Kamwala mpaka Khirisimasi. Anandiyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku mapatapata.

"Imwe mwafaka wailesi? Na maso aya?"

Ndinati ndi makutu.

Mai uja anayendetsa yekha. Ine ndi atate ako tinakhala kumbuyo ngati ana a sukulu opita kwa ahedi. Wailesi sanayatse njira yonse.

Bambo wa m'tauni anali wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali, magalasi atamangidwa ndi waya. Atamva kuti pulagi inadulidwa ndi mpeni anapukusa mutu, akuti sabata iliyonse amalandira motoka zotere kuchokera mu komboni, zina zitapsa theka. Anatsegula dashibodi, anakoka wailesi, n'kuwalitsa tochi. Anasenda tepi pa waya mmodzi, anakoka ndi zala, sunasunthe. Anasenda wina. Anatenga mita yake n'kuyeza apa ndi apo. Analiza nyimbo, n'kumaitembenuza kuti ipite kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, yonse inapita kumene anaituma. Kenako anagwira ulusi wanga wa mfundo ziwiri n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ndinamuuza. Anavula magalasi.

Anandifunsa kuti chitsulo ndinagwiritsa chotani popeza malaiti kunalibe. Nditati cha pa mbaula, anaitana anzake awiri a pa galaja yoyandikana kuti adzaone. Amuna atatu akuluakulu kulowetsa mitu m'bowo la dashibodi kuyang'ana ntchito yanga. Ine ndinangokhala pa tayala lakale, miyendo nditatambasula. Pomaliza anatembenukira kwa mai uja.

"Madamu, apa nilibe chofaka. Ine nikanapota chabe na tepi. Iyi sizamasuka olo mupite nayo ku Nakonde."

Mai uja sanaseke msanga. Anayamba wawakalipira atate ako pamaso pa anthu onse aja, nthawi yaitali, Chibemba ndi Chinyanja pamodzi. Anati chimene chamupweteka si mawaya, ndi kuti foni anali nayo m'thumba ndipo sanaimbe. Atate ako anangoti nalakwa madamu, maso ali pansi. Ine sindinalowerere. Anayenera kumva.

Atatopa anatembenukira kwa ine, ndipo ndinaona pakamwa pake payamba kugwedera. Anati zaka zonsezi amadziwa kuti odya mbewa amatha kukumba mauna okha, sanadziwe kuti amatsatanso waya mpaka kumene wagona. Ndinati wodya anyani angadziwe bwanji za pansi, maso ake amakhala m'mitengo. A galaja aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Kenako anatulutsa makiyi m'chikwama. Sanawapereke kwa atate ako. Anawaika m'dzanja langa n'kulipinda.

"Aya napatsa imwe. Mukaona kuti mwana wanu wamvera, mumupatse. Akabwezapo, nizabwera kutenga kwa imwe."

Ndinawagwira makiyi aja kanthawi ndithu. Atate ako anaima pamaso panga, mwamuna wa ndevu, manja kumbuyo, akudikira. Ndinawafunsa kuti pulagi ikakana mawa adzachita chiyani. Anati adzaimba foni. Ndinati kwa ndani. Anati kwa madamu, kenako kwa amai. Ndinawapatsa.

Pobwerera anayendetsa atate ako. Mai uja anafuna kukhala kutsogolo monga mwini, koma ndinali nditakhala kale ndipo lamba nditamanga, ndiye anakhala kumbuyo akung'ung'udza. Tinakamutula ku Kamwala. Asanatsike anati pali vani yake yonyamula katundu, wailesi yake imalira mbali imodzi, ndidzaione Loweruka. Ndinati ndiganiza kaye, ndili ndi nyemba zosankha.

Kuchoka pamenepo atate ako sanapite kunyumba. Anati tsiku latha kale theka, ayambe ntchito, anditula akapeza wopita ku Chawama. Pa renki tinapeza mai wina ndi thumba la kapenta, akupita ku Linda. Ndinati munyamule, ine sindikuthamangira kulikonse. Ndinazungulira nawo mpaka madzulo, anthu anayi kapena asanu, ndili phee kutsogolo, ndipo aliyense wokwera ndinali kumufunsa ngati nyimbo ikumveka bwino kumbuyoko.